Mpheta Sizidikira Buku

1. Pansanja

Ku Hara mpunga ukayamba kuchita mkaka, kusukulu kumachepa ana, kutchalitchi kumachepa anthu, ngakhale kumaliro anthu amapita mosinthana. Aliyense amakhala kumunda kuingitsa mpheta.

Musatiderere timbalame timeneti poona kuchepa. Kamodzi kokha mutha kukabisa m'dzanja. Koma tikabwera chigulu, ha! Timatera pa ngala, n'kuboola njere iliyonse, n'kuyamwa mkaka wake. Mwini munda pofika amapeza mpunga uli chiimire bwinobwino, koma ngala zonse zili mbuu, mankhusu okhaokha.

N'chifukwa chake puloti iliyonse ya mu sikimu ya mpunga ya ku Hara inali ndi nsanja yake. Kuchokera pansanjapo zingwe zinkayenda mbali zonse za munda, ndipo pa zingwezo pankalendewera zitini zokhala ndi timiyala m'kati. Ukakoka chingwe zitini zimalira, mbalame n'kudzambatuka. Ntchito yake ndi imeneyo basi, kukoka ndi kukuwa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Pansanja ya banja la a Sichali pankakhala Yunike, mtsikana wa Sitandade 8. Ankakhalapo yekha. Bambo ake anamwalira iye akadali wamng'ono. Mayi ake, a NyaKalua, malungo anali atawagoneka sabata yonseyo, moti Yunike anayamba wasiya sukulu. Mlongo wake wamkulu, Kenan, anali kutali ku Blantyre komwe ankagwira ntchito ya ukalaliki.

Kale ankalondera awiri. Kenan ankakoka zingwe uku akupeka nkhani, Yunike akumutsutsa pamene nkhaniyo yapotoka.

“Nkhani zimenezi ndidzazilemba m'buku,” ankatero Kenan. “Ndipo mtsikana wa m'bukumo udzakhala iweyo, ndi makani akowa.”

Anzake ankamuseka. Ati Mtumbuka kulemba buku la Chichewa, adzaliwerenga ndani? Koma tsiku lina wayilesi inalengeza kuti mabuku atsopano a achinyamata ali m'njira, olembedwa ndi anyamata ndi atsikana amene sanatulutsepo buku chibadwire. Inatchula mayina. Pakati pa mayinawo panali Kenan Sichali wa ku Karonga. Tsiku limenelo a NyaKalua analuluta mpaka mawu anasasa.

Kuchokera pamenepo kunali zii. Buku silinabwere, makalata a Kenan nawo anasiya kubwera. Yunike ankangokamba za buku lomwelo mpaka anzake anatopa naye.

“Buku la adumbu ako lija lakwera kamba eti?” ankamufunsa motero, n'kumusiya ali yekha pansi pa mtengo. Adumbu ndiye kuti mlongo m'Chitumbuka. Mawu a anzakewo ankamupweteka Yunike kwabasi.

Tsono panali chinthu china chimene aliyense mu sikimu ankachidziwa. Chaka chathacho mpunga wa a NyaKalua sunachite bwino, ndipo a komiti yoyang'anira sikimuyo anali atawachenjeza pamaso pa anthu. Akadzalepheranso chaka chino, puloti iperekedwa kwa wina, pakuti ofuna malo anali ambiri. Popanda puloti, mayi ndi mwana akanayenera kubwerera ku Lupembe kwa abale a malemu bambo ake. Kumeneko nkhani ya sukulu ya mwana wamkazi sankaifuna n'komwe, ndipo bambo wina wa ng'ombe zambiri anali atayamba kale kufunsa msinkhu wa Yunike.

2. Njinga ya aphunzitsi

Lachisanu masana kunabwera njinga ikugwedera m'kanjira ka m'mbali mwa ngalande. Anali a Chimbalanga, aphunzitsi a Chichewa, kwawo ku Chiradzulu. Anali atakhala ku Hara zaka zingapo, koma Chitumbuka chinkawakanabe pakamwa.

“Monile, mlonda wamkulu!” anakuwa motero. “Amayi adzuka bwanji?”

“Akadali chigonere, aphunzitsi. Koma lero amwako phala.”

“Zikomo kwambiri. Tsono tchera khutu. Galimoto ya mabuku ija imabwera kamodzi pa teremu ifika pa Uliwa mawa chakumasana. Ndamva kuti yanyamula mabuku atsopano aja.”

Yunike anatsika pansanja ngati wagwa. “Ndi la achimwene lomwe?”

“Nanga angalisiye bwanji? Onsewo akutuluka pamodzi.” A Chimbalanga anatsamiritsa njinga pa mwendo, nkhope ikuwala ngati mwana. “Ine ndekha tulo sindikugona, Yunike. Ndatopa kukuwerengetsani mabuku olembedwa inu musanabadwe. Akuti mtsikana wina wa ku Dedza walemba za mapasa amene analeredwa midzi iwiri. Mnyamata wina wa ku Mulanje walemba za mwana wothawa m'minda ya tiyi. Ana anzanu enieni! Ndipo wathu wa kuno walemba za mpunga ndi matope omwewa. Ndikufuna ndione nkhope za aja ankaseka aja.”

“Ikhalitsa pa Uliwa galimotoyo?”

“Ayi, imangoima pang'ono n'kupitirira ku Boma.” Apa aphunzitsi anaona mmene maso a mtsikanayo anachitira, ndipo anakweza chala. “Iwe usachoke pano. Ine ndikatenga la sukulu, ndipo munthu woyamba kuligwira Lolemba udzakhala iweyo. Wamva?”

“Ndamva, aphunzitsi.”

Kumva anamvadi. Koma njinga isanafike ngakhale pa mlatho, Lolemba linali litamutalikira kale ngati chaka chamawa.

3. Mawu a asibweni

Dzuwa litapendeka anatulukira a Zebedee, alongo awo a a NyaKalua. Yunike ankawatchula kuti asibweni, ndiye kuti malume. Puloti yawo inali kutsidya lina la sikimu, koma tsiku lililonse ankadzazonda mpunga wa mlongo wawo. Anathyola ngala imodzi, n'kufinya njere ndi chikhadabo. Mkaka unatuluka woyera.

“Chaka chino Mulungu wakumbuka nyumba ya mlongo wanga,” anatero. “Mpunga wa Faya umenewu a komiti akauona atseka pakamwa.”

Yunike sanathe kusunga nkhani. Anawauza zonse za galimoto ya mabuku, n'kumaliza ndi funso. “Asibweni, simungandikhalireko pano mawa masana okha?”

A Zebedee anakhala pa mlambala, n'kuvula chipewa. Anayankhula m'Chitumbuka, ndipo mawu awo anali awa:

“Mwana wane, ndikanakhala ndi matupi awiri ndikanakupatsa limodzi. Ana anga onse ali m'tauni, pansanja panga ndili ndekha ngati iwe. Tsono khala pansi ndikuuze, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi.

“Iwe ukuganiza kuti ukachoka, kudzabwera mpheta zako zokha, zimene umaziona tsiku ndi tsiku. Ayi. Tayang'ana sikimu yonseyi. Nsanja iliyonse ili ndi munthu, aliyense akukoka, aliyense akukuwa. Mbalame zimene akuzithamangitsazo zimapita kuti? Zimazungulira m'mwamba, zili ndi njala, zikufunafuna munda umodzi wokha umene uli chete. Zikaupeza zimaitanizana. Za kumtunda, za kumunsi, za kutsidya, zonse zimatera pamenepo. Anzako akamalimbikira ntchito ndiye kuti akukutumizira mbalame zawo, osati mwa nkhanza ayi, koma ndi mmene ntchitoyi ilili.

“Unali usanabadwe pamene Manase, mnzanga wa ubwana, anamva ng'oma ya malipenga ikulira kumudzi wa kuseri uko. Anati ndingokaona gule mmodzi. Anavala bwino, anapita, anavina, anthu anamuombera m'manja. Pobwera anapeza munda wake wayera ngati mutu wanga uno. Puloti anamulanda. Lero Manase amakoka makoka a anthu ena kunyanja, ndipo akamva malipenga amalowa m'nyumba.

“Ndikudziwa zimene ukuwerengera mumtima. Ukuti masana dzuwa likaswa mtengo mpheta zimakabisala m'bango, ndiye ndithamanga ndibwerere zisanatuluke. N'zoona, kukatentha zimapuma. Koma uno ndi mwezi wa mwera. Mphepo ikangotembenuka, mitambo imaphimba dzuwa, kunja n'kuzizira, ndipo mpheta sizidziwa kuti ano ndi masana. Zimadya tsiku lonse.

“Buku si nsomba kuti liwola. Lolemba lidzakhala lomwelo, mawu ake omwewo. Koma mkaka wa mpunga ukayamwidwa subwerera. Sunga khosi, mkanda uoneka.”

Kenako a Zebedee anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

“China ndi ichi. Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma ndakhalitsa. Masiku ano wayilesi ikatchula dzina la mwana wako, si mayi wake yekha amene amamva. Amamvanso ena. Usamayende ndi dzina la Kenan pakamwa paliponse ngati nzimbe. Wapulika?”

“Napulika, asibweni,” anayankha Yunike, maso ali pansi.

4. Dzuwa liswa mtengo

Loweruka m'mawa mpheta zinabwera mwaukali. Yunike anakoka zingwe mpaka zikhatho zinafiira, anakuwa mpaka kukhosi kunauma. Palibe ngakhale kambalame kamodzi kamene kanatera.

Kenako dzuwa linakwera. Kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Mbalame zinayamba kuchepa, zitini za m'minda ina zinayamba kulira mwa apo ndi apo, mpaka sikimu yonse inangoti zii. Anthu anagona pansi pa nsanja zawo, ena anatulutsa chinangwa chawo n'kumadya.

Yunike anayang'ana kumwamba. Anayang'ana kubango. Anayang'ana njira ya ku Uliwa.

Puloti yoyandikana nayo inali ya makolo a Lettie, mtsikana wa m'kalasi mwake, mmodzi mwa aja ankanena za kamba. Yunike anameza manyazi n'kupita.

“Lettie, ndikufika pa Uliwa msangamsanga. Zikabwera undikokereko zingwe zanga.”

Lettie anali kuluka tsitsi lake. Sanadzutse ndi mutu womwe. “Manja anga ndi awiri, zingwe zanga n'zambirimbiri. Ndikapeza mpata ndikoka.”

“Yewo, mnzanga.”

“Sindinalonjeze kanthu ine. Ndati ndikapeza mpata.”

Munthu akafuna chinthu, khutu lake limasankha zomva. Yunike anamva kuti ndikoka, zinazo zinapita ndi mphepo. Anabwerera pansanja, anaimika ndodo, anaiveka chitenje chake ndi chipewa cha mlaza kuti izioneka ngati munthu. Kalanga ine, mpheta za ku Hara kuzinamiza ndi chitenje! Zinabadwira m'minda momwemo, zimadziwa kuti munthu weniweni sakhala duu.

Anasamba matope a m'miyendo m'ngalande, n'kuliyatsa liwiro.

5. Pa Uliwa

Pa Uliwa panali anthu a Loweruka: amayi ogulitsa usipa ndi nthochi, anyamata a njinga, ndi apaulendo odikira basi atakhalira akatundu awo. Pakhomo la msika panaima mnyamata wa malaya ofiira akufunsa makhadi a chipani. Yunike analambalala, n'kukaima pakhonde la sitolo pomwe galimoto ya mabuku inkakonda kuima.

Galimoto kunalibe.

Anadikira. Anthu ankadutsa awiriawiri, atatuatatu, akuseka nkhani zawo. Palibe anamulonjera. Anaima yekha atatsamira chipilala, akuyang'ana msewu wochokera kummwera mpaka maso anachita misozi.

Kenako mphepo inatembenuka. Mapepala ndi makoko a nthochi anayamba kuuluka pamsewu. Amayi a usipa anayamba kufunditsa malichero awo. Mitambo inakwera kuchokera kunyanja, yotuwa, ndipo posakhalitsa dzuwa linabisala. Kunja kunazizira.

Yunike anadzidzimuka. Anatsika pakhonde, nayamba kubwerera. Atangoyenda pang'ono anamva injini ikulira kutali. Anaima. Inali lole ya simenti, inangodutsa. Anayambanso kuyenda, kenako anamva ina. Anabwerera pakhonde paja. Inali basi.

“Pang'ono pokha,” anadziuza motero. Mawu amenewa, anzanga, agwetsa anthu ambiri.

Galimoto ya mabuku inafika dzuwa litapendeka kale, ili fumbi lokhalokha. Wogulitsa, bambo wa magalasi ndi tayi yofupika, anayala masaka pakhonde n'kuyamba kutsegula makatoni. Ana a sukulu anaunjikana. Fungo la mapepala atsopano linamveka pakhonde ponse.

Mabuku aja analipodi. La mapasa a ku Dedza linali ndi chikuto chobiriwira. La mwana wa m'minda ya tiyi linali lachikasu. Panalinso ena, onse onyezimira, aliyense ndi dzina la mwini wake pansi. Yunike anawerenga mayinawo limodzi limodzi. Anafika kumapeto. Anayambiranso.

“Iwe! Ukutani kuno?”

Anali a Chimbalanga, atagwira njinga yawo. Koma Yunike anangowadutsa. Anagwada pafupi ndi wogulitsa uja.

“Bambo, buku la Kenan Sichali lili m'katoni iti?”

Bamboyo anasiya kumasula chingwe. Sanamuyang'ane Yunike. Anayang'ana kumsika, kenako kwa anthu amene anaima pafupi.

“Kulibe buku lotero.”

“Lilipo, bambo. Ananena pa wayilesi. Ndi achimwene anga, kwathu ndi ku Hara konkuno. Kenan Sichali.”

“Mwana iwe, ndati kulibe. Sindinamvepo dzina limenelo, ndipo usalitchulenso pa katundu wanga. Ndili ndi ana ine. Choka, ukutchinga anzako.”

Ana ena anaseka. Akuluakulu sanaseke. Mayi wina amene anali atatola buku analibweza pansi mwakachetechete n'kuchokapo.

A Chimbalanga anamugwira Yunike pa mkono n'kupita naye kuseri kwa sitolo. Anamuuza kuti adikire. Anabwerera kwa wogulitsa uja, anagula mabuku awiri, anayankhula naye motsitsa akunamizira kuyang'ana zikuto. Pobwera nkhope yawo inali itagwa.

“Yunike, limba mtima. Bukulo linasindikizidwa ndithu, koma silinatuluke. Akuti akuluakulu ena analiwerenga n'kupezamo zimene sanazikonde. Muli nkhani ya mayi wamasiye amene akufuna kumulanda munda, ndiye akuti mwina wolembayo akunena zina.”

“Koma ndi nkhani yathu imeneyo, aphunzitsi! Ndi ya amama!”

“Tsitsa mawu. Ndikudziwa.”

“Nanga achimwene ali kuti?”

A Chimbalanga anayang'ana mabuku awiri aja ali m'manja mwawo, ngati achita nawo manyazi. “Kuntchito kwawo sakuonekako. Anthu ena anabwera kudzawatenga. Kupitirira apo bamboyu sakudziwa, ndipo ine sindinakuuze kanthu. Ndine mlendo kuno, mwana wanga, ukundimvetsa?” Anapumira m'mwamba. Kenako anayang'ana mitambo ija, ndipo anadzidzimuka. “Kodi kumunda wasiya ndani?”

Yunike anangotembenuka n'kuyamba kuthamanga.

6. Munda wa chete

Ali patali anamva phokoso. Sikimu yonse inali kulira zitini, anthu akukuwa mbali zonse. Kumwamba kunali mpheta zosawerengeka, zikuzungulira ngati utsi, ndipo utsiwo unkatsikira malo amodzi. Yunike sanafunikire kufunsa kuti ndi pa puloti ya yani.

Anagwa m'ngalande, anadzuka, anathamangabe. Lettie anali pansanja yake akukoka ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu.

“Ndinayesa, Yunike!” anakuwa akulira. “Ndikapita kwako zimatera kwathu! Ndinatuma mwana akaitane amayi ako!”

Pansi pa nsanja ya a Sichali panali a NyaKalua. Kukwera anali atalephera. Anakhala m'matope atafunda bulangete, akunjenjemera ndi malungo, chingwe chimodzi atachikulunga pa dzanja. Ankachikoka, koma mphamvu zinali zochepa moti zitini zinkangogwedera osalira. Pamwamba pawo ndodo ija inali chiimire ndi chitenje chake, ndipo mpheta ziwiri zinali zitatera pa chipewa.

Yunike analumphira pansanja. Anakoka zingwe zonse pamodzi, anakuwa ngati wamisala. Mbalame zinadzuka chigulu, mdima bii, n'kulowera kubango. Zinali zitakhuta kale.

A Zebedee anafika akupuma mwawefuwefu, atasiya munda wawo m'manja mwa mnansi. Analowa mu mpunga mpaka pakati. Anathyola ngala, anaifikisa m'manja, anauzira. Zonse zinauluka. Anapita pena, anachita chimodzimodzi. Anapitanso pena. Kenako anatuluka, n'kukaima pa mlambala atafulatira. Sanamukalipire Yunike. Bola akanamukalipira.

Yunike anatsika, n'kugwada m'matope pamaso pa mayi ake.

“Amama, ndalakwa. Ndalakwa ine.”

A NyaKalua anamuyang'ana nthawi yaitali. Milomo yawo inali itauma, maso atalowa m'kati. Anamasula chingwe chija pa dzanja pang'onopang'ono.

“Mpunga wapita, mwana wane. Kulira sikungaubweze.” Anameza malovu movutikira. “Koma poti wapita chifukwa cha buku, bwera nalo kuno. Ine kuwerenga sinditha. Undiwerengereko ngakhale mzere umodzi, ndimve mawu a mwana wanga.”

Yunike anayang'ana manja ake. Munali matope okhaokha.

“Kulibe, amama.”

“Anzako agula onse?”

“Ayi.” Anasendera pafupi, n'kunong'ona. “Silinatuluke. Akuti adumbu anabwera kudzawatenga anthu. Akuti dzina lawo tisamalitchule.”

A NyaKalua sanalire. Anangogwira mwana wawo pa mkono mwamphamvu, ngati nayenso wina akufuna kumutenga. A Zebedee anali atamva. Anatembenuka, pakamwa pali yasa, koma asananene kanthu anaona anthu akubwera m'kanjira ka m'mbali mwa ngalande.

“Pukutani nkhope,” anatero motsitsa. “A komiti.”

Nkhani ya munda wodyedwa siichedwa kuyenda mu sikimu. Patsogolo panali apampando a komiti, pambuyo pawo alangizi, ndi alimi ena angapo amene anangotsatira kudzaona. Apampando anaima m'mphepete mwa puloti. Anathyola ngala imodzi, anaiyang'ana, anaitaya.

Aliyense pamenepo ankadziwa mmene komiti imaweruzira. Munthu amene wagonja ndi matenda ali pamunda pake amamumvera chisoni, n'kumupatsa chaka china. Koma wothawa munda dzuwa lili pamutu alibe mlandu wokamba.

“Pamunda pano lero amalondera ndani?” anafunsa apampando.

“Ndine,” anatero a NyaKalua, Yunike asanatsegule pakamwa. “Ndinali pano kuyambira m'mawa. Malungo anandigwetsa.”

Apampando anayang'ana mayi wodwalayo. Anayang'ana ndodo yovala chitenje pansanja. Anayang'ana Lettie, amene anali atatsika n'kuima chapafupi, maso ali pansi. Kenako anatembenukira kwa Yunike.

“Iwe ndiwe mwana wa sukulu, sunganame pamaso pa akulu. N'zoona zimene akunena amayi akozi?”